Waya wa Buleki

Pansi pa mkuyu wa pa Bvumbwe ndatha zaka makumi awiri
ndikumata machubu, kuwongola masipoko,
kumiza mpira m'beseni kuti thovu lindiuze pobooka.
Waya wa buleki akatha sindinkamutaya.
Ndinkamukulunga padzanja, n'kumupachika pa msomali,
ndipo tsiku la msika ankabwera mnyamata wa a Namakhwa,
uja amakwera kuchokera kuchigwa ndi matumba atatu a makala,
n'kugula mulu wonse.
Sindinafunse.
Wogula mchere safunsidwa ndiwo zake.

Ndaziona wanga anabwera mwezi wa chiperoni,
jombo kuphazi, nkhope itapsa ndi dzuwa la kutsidya kwa Shire
kumene amayenda ndi kamlongoti m'manja
kutchera khutu ku makolala a mimbulu.
Anakhala pa tayala lakutha, chikwama osavula.

Akuti, Ababa, mumaidziwa mimbulu?
Ndikuti, si ija abusa amaitchula pa guwa
akamadzudzula anthu oipa mtima?
Anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso.

Akuti ilipo khumi ndi inayi, palibe iwiri yofanana,
uliwonse ndi zigamba zake, zakuda, zachikasu, zoyera,
ngati chubu cha mmphawi chodutsa m'manja mwanu kakhumi.
Makutu ngati zipande,
michira ngati yaviikidwa mu ufa.
Siuwa ayi, imalira tswii tswii ngati timbalame ta m'udzu.
Kukacha sinyamuka mwachisawawa:
wina ayetsemula, wina ayankha, winanso,
oyetsemula akakwana ndiye kuti mlandu watha, ulendo.
Imathamanga mosinthana mpaka nswala itaiwala miyendo,
koma ikagwira, akuluakulu amaima pambali
kuti ana ayambe adya.
Wotsala kudzenje kulera tiana
amamutengera nyama m'mimba
n'kudzamubzikulira pamapazi.

Ine ndinakumbuka ukwati wa mlongo wanga,
ife tikupukuta mafuta pakamwa,
ana ali kuseri kwa khitchini kudikira makombo.
Ndinapitiriza kupala chubu, ngakhale chinali chitayera kale.

Ndiye pali wina, akuti, tinamutcha Chigamba.
Sanaberekepo, koma ana onse anakulira pa msana pake.
Tinamupeza patatha masiku atatu,
mwendo wakutsogolo utatupa ngati mgolo,
nthaka yozungulira mtengo italimidwa ndi zikhadabo.
Anzake sanachoke.
Pambali pake panali nyama yaiwisi, ya m'mawa womwewo.
Lero akuyenda ndi itatu,
amafika anzake atapha kale,
ndipo amamupatukira.

Apa ndiye anatsegula chikwama.

Ndinamulandira ndi manja awiri, monga polandira mphatso.
Waya wopindika, wakuda kumene anadya mnofu,
kamutu kake ka mtovu kali pomwepo,
timaubweya tachikasu titakanirira m'tinsinga.
A waya onse amafanana, ndinatero mumtima,
amakanika alipo pa Thunga, pa Goliati, pa Luchenza.
Koma kunsonga kunali kupinda kuja,
kawiri kumanzere, kamodzi kubwerera,
kumene ndimapinda kuti asandibaye chala.

Mwana sananene kanthu.
Anandigulira tiyi ndi mandasi awiri,
n'kukwera minibasi ya madzulo.

Tsopano waya akatha ndimamudula ndi pulayazi,
tizidutswa tosakwana chala,
tosakola ngakhale mbewa.
Mnyamata wa a Namakhwa anabwera, ndinati atha.
Anayang'ana msomali, anayang'ana ine.
Ali ndi ana atatu, wamng'ono amadwaladwala, ndikudziwa,
ndipo ndinamuona akuwoloka msewu
kupita kwa mnzanga wa pafupi ndi chigayo.

Chifunga chatsika lero, minda ya tiyi yabisala,
makasitomala kulibe.
Ndakhala pa benchi ndi waya uja m'thumba la ovolosi.
Mphepo yandilowa m'mphuno, ndayetsemula,
ndatukula mutu kuyang'ana msika wonse,
kudikira wachiwiri.