Disiki ya Kaunjika

Ndinaigula ku msika wa Narantuul,
pakati pa zishalo za akavalo ndi mabatire a galimoto,
itakulungidwa mu sokosi imodzi yachimuna.
Wogulitsa anati, "Yangogwira chaka chimodzi,"
mpweya ukufuka m'kamwa, maso ali kwina.

Ndinaifukata m'chikhoti mpaka kunyumba,
nsanjika yachisanu ndi chinayi, chikepe chitafa kuyambira Lachiwiri.
Amalume Davaasüren, amene anamerera imvi m'mimba mwa mawailesi,
anaiyang'ana osaikhudza.
"Isiye patebulo. Yabwera ndi chisanu cha panja.
Ukaiyatsa pano ichita thukuta m'kati,
ndipo chitsulo chikanyowa sichikhululuka."
Tinamwa tiyi wamchere makapu atatu
kudikira mlendo kuti afundidwe.

"Zako wakopera pena?"
Ndinali ndisanatero. Linapita ola lina.

"Tsopano zimitsa. Pabatani pokha ayi, Tsermaa, zula kukhoma.
Dinikiza batanilo, werenga mpaka khumi,
moto wobisala utuluke.
Ndipo vula juziyo."
Ndinaseka. Iwo sanaseke.
Mu Januwale wa Ulaanbaatar ngakhale moni wa padzanja amaluma,
chogwirira chitseko chimathetheka,
tsitsi limaimirira lokha.
"Kamphezi ka m'chala chako, kamene iwe sukamva n'komwe,
kwa iyo ndi maliro.
Choka pakapeti. Gwira chitsulo cha bokosi poyamba,
ukayenda pang'ono, uchigwirenso."

Ndinatsegula nthiti za kompyuta.
Fumbi la malasha a nyengo zitatu linali litaluka bulangete pa fani.
Disiki ndinainyamula m'mbali mwake,
monga tinyamulira chithunzi cha malemu,
kumimba kwake kobiriwira osafikako chala.
Waya woonda wa uthenga, waya wotakata wa magetsi,
aliyense ali ndi kakhomo kake kopindika.
"Akakana, si waliuma, ndiwe wamutembenuza. Usakakamize."
Mawononga anayi, osati awiri,
omangidwa mpaka agwire, osati mpaka alire.

Titayatsa, amalume anandigwira dzanja.
"Usathamange. Iuze makina adzukire pa disiki yako yakale,
asadzukire m'nyumba ya eni."
Kenako anagunditsa khutu pa bokosi
ngati namwino pa chifuwa cha mwana.
Kukanamveka kho, kho, kho,
tikanabwerera ku msika mawa lake.
Kunangomveka kung'ung'udza kosalala.

Tinaifunsa zaka zake, ndipo disiki sinama:
maola zikwi makumi atatu ndi chimodzi.
Chaka cha wogulitsa uja chinali chachitali ndithu.
Zipsera zinalipo zisanu ndi chimodzi, zosawonjezeka.

Ndiye ndinaona mafoda.
Palibe anali atafufuta kanthu.
Lina lolembedwa Ukwati. Lina Ngongole.
Lina dzina chabe, Oyundari, ndi chaka,
ndi kachithunzi kang'ono ngati chikhadabo:
kamtsikana pa kavalo wotuwa, chisoti chitapendekeka.
Chala changa chinayenda chokha.

"Usatsegule," anatero amalume.
"Choyamba, sudziwa matenda amene agona m'menemo.
Chachiwiri, si zako."
Anakhala chete, nathira tiyi wina.
"Chachiwiricho ndiye choyamba."

Kufufuta kwenikweni, kolemba ziro pamwamba pa zonse,
kunatenga usiku wathunthu.
Ndinaonetsetsa kawiri, katatu, kuti ndasankha disiki yoyenera,
pakuti zilembo ziwiri zoyandikana zaliritsa anthu ambiri.
Amalume anagona pampando, magalasi ali pamphuno.
Ine ndinakhala maso ndi kamzera kobiriwira
kakukwawa pang'onopang'ono
kudutsa ukwati, kudutsa ngongole,
kudutsa kavalo uja.

M'mawa inali mbee, yopanda mwini.
Amalume akuvala nsapato anati,
"Isenzetse katundu, koma wakhala kale pamsana pa wina.
Usaiikize chinthu chimene ulibe pena."

Ndinaikamo mafilimu ndi maphunziro anga a zowerengera ndalama.
Zithunzi za amayi ndinazisiya pomwe zinali,
ndi pena,
ndi penanso.