Mpata wa Zala Ziwiri

Ndine ndinakhoma denga la sukulu yathu kuno ku Bangula,
chaka chija madzi ananyamula mabenchi
n'kukawatula m'munda wa thonje wa a Semba.
Anandipatsa malata owala ndi misomali yeniyeni,
ndipo ndinatseka paliponse pamene khoma likumana ndi denga
mpaka nyerere inkachita kuodira.
Anthu anayamikira. Ndalama ndinadya ndi mtima woyera.

Mpheta sindinaziwerengere.
Amawerengera mpheta ndani?
Zinkangopezeka ngati fumbi la Okutobala,
kulongolola pachigayo, kuba misere palichero,
kusamba dothi pansi pa ngolo ya ng'ombe.

Luwiza wanga wa sitandade sikisi
ndiye anabwera ndi kope lodulidwa mizere.
Akuti a Alufandika, aphunzitsi aja
a njinga yoimitsa ndi chidendene,
awatuma kuwerenga mbalame belu lisanalire.
Lolemba zisanu ndi ziwiri.
Lachiwiri zinayi.
Lachitatu analemba dzira lopanda kanthu
nati, bambo, makomo awo munakhoma ndinu.

Ndinakalipa.
Ndinati yunifolomu wavalayo inagula ndi mbalame?
Koma usiku, kutentha kutatipirikitsira panja pamkeka,
ndinagona chagada, maso padenga langa lomwe,
losalala, lotsekeka, la chete ngati bokosi la maliro.

Pamsonkhano wa makolo pansi pa nimu
mayi Fulukiya anaimirira chitenje chili m'manja:
ine ndimakhala padzuwa kuomba chitini m'mapira,
inu mukufuna kumangira akuba nyumba?
Aphunzitsi anati zomaliza mapira ndi zija
zobwera ngati mtambo kuchokera kudambo;
izi n'zapakhomo, ana awo zimawalera ndi mbozi.
Mayiwo anati mbalame ndi mbalame,
mlomo ndi umodzimodzi.
Anachoka msonkhano usanathe.
Mawa lake tinapeza phale lawo long'aluka
lili pamjigo, lodzaza madzi.
Mpaka lero amakana kuti ndi lawo.

Ana anabwera ndi zigubu za mafuta ophikira.
Ndinati ayi, dzuwa la kuno silisewera,
m'pulasitiki mazira apsa osathyola nkhuni.
Tinatola zidutswa za matabwa kuseri kwa shedi yanga,
tinaboola malambe akuluakulu,
khomo lake zala ziwiri za munthu wamkulu,
tinapachika kumthunzi, kumene mphaka safikako.
Zuze anapereka legeni yake pamaso pa kalasi yonse,
anamuombera m'manja.
Ina ija ndinaiona ikusuzumira m'thumba la kabudula,
sindinanene kanthu. Nanenso ndinali mnyamata.

Sabata zitatu, kunalowa buluzi.
Bokosi lina analanda mavu.
Amuna a pabawo ankandifunsa
ngati alendi anga ayamba kulipira.

Ndiye m'mawa wina, mphepo yotentha isanadzuke,
Luwiza anandikoka malaya, mswachi uli kukamwa.
Pabokosi lachitatu, lopindika lija
limene ndinachita nalo manyazi,
panatera katambala ka ndevu zakuda pakhosi
katanyamula ulusi wa thumba la feteleza
wotalika kuposa iko komwe.
Kanalowa chammbali, kanakanika,
kanatuluka, kanatukwana, kanayesanso.
Ana makumi asanu ali duu pabwalo,
belu m'manja mwa mlonda osalira.

Sizinabwerere zonse, ndisaname.
Kope likunena khumi ndi zitatu,
tsiku lina zisanu ndi zinayi,
ndipo mayi Fulukiya akuombabe chitini chawo.

Sabata ino ndikukhoma nyumba ya munthu kwa Tengani.
Mbali ya kum'mawa, pansi pa lata lomaliza,
ndasiya mpata wa zala ziwiri.
Mwini wake akadzauona adzapukusa mutu,
adzati kalipentala uja wayamba kukalamba.
Anene.