Telala Adziyeza Yekha

Zaka makumi atatu pakhonde lino, pa boma la Dedza,
ndayeza ziuno za aphunzitsi, mapewa a akwati,
tepi ili m'khosi, choko kukhutu.
Singano yandibaya kosawerengeka, koma mwangozi.
Ndinkangoyamwa chala n'kupitiriza kupalasa makina.
Lero ndikudzibaya dala.

Zinayamba ndi ludzu losamva kapu,
kutuluka kasanu usiku m'chisanu cha Juni,
ulusi kuphonya diso la singano dzuwa likuswa mtengo.
Buluku langa lomwe ndinalibweza m'chiuno kawiri.
Nasibeko anandiyang'ana nati,
telala akayamba kuchepetsa zovala zake, pali nkhani.
Kuchipatala anaitchula nkhaniyo: shuga,
uja wobwera munthu atakula, wolowa osaodira.

Dziwani atamva anatumiza kamakina kuchokera ku Joni,
kosalala, kowala ngati foni ya bwana.
Timapepala take khumi titatha
ndinatifuna pano, pa Lizulu, mpaka ku Lilongwe. Zii.
Kagona m'dirowa tsopano, pamodzi ndi mabatani amasiye.

Ndiye ku famase ndinapita ndekha.
Mwana wa a Kamtukule anandiyalira tiwiri pakauntala,
dzanja langa linathamangira kotchipa.
Iye anaseka: "Bambo, inu mumagula makina
musanafunse mtengo wa ulusi?"
Ndinabweza dzanja. Ndinafunsa ngati telala.
Timapepala take ndi zingati, ndipo timapezeka pano?
Manambala ake maso angawa awaona popanda mandala?
Batire lake n'lomwe lija la wotchi, la mumsika?
Nanga kamalankhula chinenero chimodzi ndi akuchipatala?
Pajatu kena kamati seveni, kena handiredi twente-sikisi,
magazi ake omwewo,
monga mainchesi ndi masentimita pansalu imodzi.
Ndinatenga kodulako, konyansa, kotuwa ngati njerwa ya simenti.

M'mawa wa kuno magazi amakana kutuluka.
Nkhungu ikakuta phiri, zala zimauma ngati nthimbo,
ndimayamba ndazisamba m'madzi ofunda.
Ndimabaya m'mbali, osati pansonga,
pansonga m'pamene ndimamvera nsalu.
Kadontho kamodzi, kochepa kuposa mkanda.
Kenako timasekondi tija, totalika kuposa ulaliki.

Ndimalemba kumapeto kwa buku la maoda.
Kutsogolo: a Nankhoma, m'chiuno 38, atenga Loweruka.
Kumbuyo: ine, Lolemba, ndisanadye, 7.4.
Tsiku lotsatira ukwati wa mwana wa a Chagunda, 13.
Zakumwa zotsekemera mabotolo awiri, keke, mpunga wachiwiri.
Palibe anandiona, ndinadyera kuseri kwa tenti.
Kamakinaka sikajeda munthu, koma sikadziwanso kunama.

Timapepala n'todula, sindibisa.
Tinagwirizana ndi anamwino masiku oyeza,
ndipo bukuli amaliwerenga ngati akuchonga mayeso.
Mapiritsi ndimawasunga m'kabotolo ka mapini
kuti ndisanene kuti ndinaiwala.
Kachewere wa kwathu kuno, amene ndinakulira,
ndimamudya mowerenga ngati ndalama ya ngongole.
Masamba achuluka m'mbale, nyemba zakhala abale.
Tiyi wopanda shuga, ndinene zoona,
amakomabe ngati madzi onyikamo khaki watsopano.
Anyamata a kabaza amandiimbira belu, ndimawabayibitsa,
ndimakwera mtunda wakwathu wapansi, ndikuwefuka,
madzulo n'kuyendera mapazi anga chala ndi chala
monga ndimayendera msoko ndisanapereke malaya.

Sindinachire. Anandiuza kuti uyu sachoka,
timangokhala naye ngati mnansi wovuta malire.

Dzulo Nasibeko anasuzumira m'buku:
6.8, 7.1, 6.5.
Sananene kanthu. Anatenga tepi m'khosi mwanga,
anandizunguliza m'chiuno, nawerenga mokweza,
kenako anati buluku lija ndilimasule pang'ono.
Ndilimasula mawa.
Lero pali mayunifomu asanu ndi atatu, sukulu ikutsegulidwa Lolemba.