Makina Akhungu ku Chawama

Abwera pa wilibala kuchokera ku Kamwala,
atamangidwa ndi mphira ngati mbuzi yogula.
A Mshanga akuti wogulitsa analumbira:
"Dzulo lomweli amayaka."
Chilichonse cha pasalaula dzulo chimayaka.

Tawaimika kuseri kwa bala, pakati pa makireti,
n'kudikira magetsi kuyambira m'mawa.
Abwera dzuwa litapendeka. Yatiuza ndi firiji.

Ndatosa switchi.
Mabatani asanu ayaka, kanyimbo kalira,
ndaponya kwacha, ameza osatafuna,
mkatimo makadi akugawidwa, tcha, tcha, tcha,
koma galasi lili bii.
Akutchova juga okha mumdima,
monga malume anga a Gidala, maso atafa,
ankagwirabe makadi pakhonde ku Matero
n'kumafunsa ife ana kuti agwira chiyani.

"Mutu ulipo," ndawauza a Mshanga. "Afa ndi maso."
"Maso ndi zingati?"
Ndakhala ngati sindinamve.

Fyuzi ndi yamoyo, mita yalira.
Ndagunditsa mkono pagalasi, cheya sichinadzuke.
Ndatchera khutu kufuna kamluzu kaja
kamene amamva ana ndi agalu. Zii.
Ndazimitsa babu, ndasuzumira kukhosi kwa chubu
kufuna kamoto konga ndudu ya mlonda usiku.
Palibe.

Lingani, chotsa dzanja pamenepo!
Chubu chimasunga mkwiyo ngakhale chitagona sabata.
Dzanja limodzi m'thumba,
waya kuchitsulo, sikuludiraiva pansi pa kachipewa ka mphira.
Lero sichinalavule, komabe mwambo ndi mwambo.
Ndili ndi chipsera pachala chondikumbutsa.

Tochi itawomba galasi cham'mbali
ndaona makadi asanu atapserera momwemo,
mizukwa yotuwa, yopanda nkhope.
Zaka zingati, m'chipinda cha mzinda uti,
anthu angati anayang'ana apa mpaka galasi linaloweza?

Bolodi latuluka ndi fumbi la dziko lina,
mazira a mphemvu,
ndi kandalama kabowo pakati kamene sikagula kanthu kuno.
Makapasita awiri atupa mimba.
Ndazula ena m'wailesi yakanema yakufa imene ndimayenda nayo m'chikwama
zidutswazidutswa,
ndasintha, ndabwezera, ndayatsa.
Bii.

A Mshanga ayamba kuwerenga mokweza:
ya makina, ya wilibala, ya lendi, ya sukulu ya Tisauke.
Mpaka pa dzina langa sanafike.

Ndipo chifukwa cha mkwiyo, osati nzeru,
ndagogoda pakona ya bolodi ndi chigwiriro.
Khosi lafiira, lazima.
Ndagogodanso. Lafiira.
Eya. Uli pompano iwe.

Pansi pa mandala a magalasi anga othyoka mwendo
ndaupeza: mng'alu wozungulira kamwendo kamodzi,
wochepa kuposa tsitsi,
mwina wa msewu wa maenje, mwina wa ukalamba chabe.
Dontho limodzi la mtovu. Kautsi konunkhira utomoni.
Tsiku lonse lathera apa, pamalo posakwana njere ya mpiru.

Kamluzu kabwera, Lingani watseka makutu.
Cheya chadzuka.
Kubiriwira kwayamba pakati, kwafalikira m'mbali,
mfumu yofiira yakhala ndendende pamwamba pa mzukwa wake,
ndipo kwacha yanga ija ikadali pakona, ikudikira.

A Mshanga aomba m'manja, aitanitsa chozizira.

Pakhomo paima Chidano, mwini wilibala,
sanapite chifikireni masana,
m'manja akuseweretsa ndalama zomwe amulipira,
kuwala kwa galasi kukusambitsa nkhope yake.
Zala zanga zikadali kuseri, pa kabatani ka kuwala.
Kumanzere ndi mdima. Ndikudziwa.
Malume ankati ife ana tinkawanamiza makadi,
ndipo n'zoona, tinkatero, kuti asiye msanga.

"Wonjezera pang'ono," atero a Mshanga,
"anthu azionera kumsewu."

Ndawonjezera.
Ndakulunga waya wa mita, ndawerenga zanga kawiri,
ndatuluka cham'mbali kumupatsa njira Chidano.