Mabuku a Paundi Imodzi

Ku Hay-on-Wye mvula sikata,
ndipo ine ntchito yanga n'kusankha:
ili pashelefu, ili m'katoni.
Mayi Pritchard amati katoni ikadzaza
imakagayidwa, n'kubwerera ili thireyi ya mazira.

Lero ndagwira makope asanu ndi awiri
a buku lija linagwedeza dziko chaka chatha,
chidindo cha golide chikadali waliwali pachikuto,
misana yosapindika ngati mabwana pamaliro.
Palibe amene anafika tsamba lomaliza.

Pansi pake panali kabuku kowonda
ka mayi wina woyendetsa basi ku Hereford,
kothimbirira ndi tiyi, makona opindapinda.
Wina analemba ndi pensulo m'mphepete:
"Apa akunena bambo anga."

Ndinawerenga chiimirire
mpaka mwendo unachita dzanzi.

Madzulo mtsikana wa yunifolomu yonyowa
anakatola, nawerenga makobidi pachikhatho.
Anaperewera. Ndinati pita nako.

Sindidziwa kuti zidzukulu zidzawerenga ndani.
Mayi Pritchard nawonso sadziwa,
zaka makumi atatu ali m'fumbi lomweli.
Ndangomuona mtsikanayo pasiteji,
basi ikumudutsa,
iye maso ali patsamba.