Nkhungu Ziwiri

Kuno ku Chitakale nkhungu zilipo ziwiri.
Ina imatsika phiri m'mamawa n'kubisa minda ya tiyi,
ina imamera m'thumba la madeya
lomwe ndinagula ndi ndalama ya sopo.
Yoyambayo alendo amaijambula.
Yachiwiriyo inandiphera misoti itatu.

Januwale uno mvula yagwa masiku asanu ndi anayi
koma kutentha sikunachoke,
kwangokhala pakhonde ngati wodzalonjerera ngongole.
Malaya sauma pachingwe. Machesi sayaka.
Mchere walira misozi m'chitini.
Nkhuku zili pansi pa nthochi,
kukamwa yasa, mapiko lende,
ngati nazonso zaweruka kothyola tiyi.

Khola ndinalikweza pa nsanamira za bulugamu,
pansi nsungwi zotalikana, kuti zitosi zizigwa
ndi kamphepo, kakakumbukira, kazidutsa.
Bambo Namakhwa a nyumba yachitatu anaseka:
"Nkhuku m'nyumba yosanja, mwini wake pamphasa!"
Zawo zinkagona pansi, pachinyontho.
Chitopa chitadutsa sindinanene kanthu,
ndinangowabwereka khasu.

Usiku wa Lachinayi Bonasi analira.
(Ndinam'gula ndi bonasi ya chaka chatha, dzina n'kukanirira.)
Sikunali kutetera kwa dzira ayi, kunali kwina.
Tochi ya foni inandionetsa chingwe chakuda
chikukwera nsanamira:
linthumbu, lothawa madzi ngati ife tomwe.
Ndinawaza phulusa lamoto, ndinakhuthula palafini yense,
ilo n'kundikwera mpaka m'chiuno,
ine kuvina m'matope
gule amene kuchinamwali sanatiphunzitse.
Mazira khumi ndi limodzi m'mpango,
thadzi kukhwapa,
likujompha dzanja lomwe likulipulumutsa.

M'mawa ndinachedwa. Kapitawo anandidula tsiku.

Bonasi anatsiriza kufungatira m'dengu lakale kunsi kwa bedi,
ndipo utitiri unasamuka naye osapempha malo.
Felesiya wanga, akudzikanda m'khosi pakati pa usiku:
"Amayi, bwanji tingoidya?"
Ndinam'yankha ndi masamu:
dzira, mwanapiye, msoti, yunifolomu.
Anagona ndisanafike pa nsapato.

Anaswa asanu ndi awiri.
Anayi anasukusa. Ndinakawataya kuseri kwa chinangwa
nditatsina mphuno, ndipo limodzi linandiphulikira m'manja
kuti ndisaiwale.

Lero dzuwa latuluka ngati silinalakwe.
Nthaka ikufuka nthunzi.
Phiri lavula, mathithi akuoneka ngati ulusi woyera,
ndipo kabawi wayamba kale kuzungulira pamwamba pa mapeyala.
Anapiye ndawapaka jivi kumsana, ati amam'sokoneza maso.
Akuyenda m'bwalo ngati maluwa omera miyendo.

Ndiwerenga: asanu ndi mmodzi.
Mtima phaa.
Ndiwerenganso. Wina uyo, wasuzumira kunsi kwa phiko.

Madeya ndayanika pachiguduli, ndikuwatembenuza ndi phazi,
diso limodzi kwa kabawi,
linalo cha ku Muloza,
komwe kwayambanso kuda.