Utoto Nambala 47

Łódź, Januwale. Dzuwa lathawa folo koloko isanakwane,
chipale chofewa chasanduka matope m'njanji za thiramu,
ndipo ndatsala ndekha ndi kabotolo kagalasi
ka madzi achikasu ngati mkodzo wa mbandakucha.

Halszka wapita kale kukatenga mwana kusukulu.
Wasiya kapepala pachitseko cha firiji:
"Wonjezera makaboni awiri. Uzimitse fani."

Awiri okha.
Ukatalikitsa msana wa molekyulu
maelekitironi amapeza bwalo lothamangamo,
chikasu chimapsa n'kukhala lalanje,
lalanje n'kufiira psuu.
Kumutu ndamangirira naitirojeni wopatsa,
kumchira kagulu kaumbombo kongodziwa kulandira.
Akamakokerana chingwe awiriwa
mtundu umasendera, pang'ono, pang'ono.

Utoto ndi wangongole wosabweza zonse.
Umubwereke kuwala kwa buluu,
adzakubwezera kobiriwira,
kwinako wadyera m'njira, kwatha ngati kutentha.
Zaka zinayi tsopano ndikuwerengera chinyengo chake,
kuti ndidziwiretu adzaba zingati.

Bambo ankanyika nsalu m'fakitale ya njerwa zofiira
imene lero muli sitolo za nsapato ndi kanema.
Zikhadabo zawo zinali zabuluu mpaka m'bokosi.
Ankanyadira utoto wosasuluka,
wopirira sopo, dzuwa ndi thukuta.
Wanga ndikufuna ulowe m'mtsempha Lolemba,
ukakakamire chotupa chobisala,
ukawale kuseri kwa kufiira, kumene diso silifika
koma kamera ya dokotala wa mpeni imaona,
kenako Lachinayi utuluke ndi mkodzo
osasiya ngakhale dontho.

Nambala 46 inatigwiritsa fuwa la moto.
M'mowa wa m'labu inkanyezimira waliwali,
titaithira m'madzi, zii.
Mamolekyulu anaunjikana ngati anthu m'thiramu ya m'mawa,
aliyense kutsamira mnzake mpaka onse kuzima.
Halszka anaseka misozi ili m'maso,
nati tiwapatse zigongono.
Ndiye uyu wa lero ali ndi zigongono,
timagulu tonenepa m'nthiti monsemu
kuti mnzake asamuyandikire.

Usiku wakula pamene ndamaliza kusefa.
Madzi aja tsopano ndi obiriwira moderako.
Ndazimitsa magetsi onse.
Ndalowetsa kagalasi m'makina, ndatseka chivundikiro.
Maso anga sakuona kanthu, mdima bii,
kungomva kamota kakung'ung'udza m'katimo.
Kenako pakompyuta mzere ukudzuka,
ukukwera chitunda, ukukwerabe,
waima.

Nanomita 752.
Timafuna 780.

Ndakhala pampando, manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira.
Wawala m'madzi, mwana wa eni, sanazime.
Wangoperewera pang'ono, ngati buluku la chaka chatha.

Kuseri kwa kapepala kaja ndalemba:
"Zigongono zagwira. Pakusowa 28.
Mawa tiyese salifa m'malo mwa okosijeni."
Ndavala chikhothi, ndatsika masitepe,
thiramu yomaliza ikulira mabuleki pakona,
ndipo ndili m'katimo, chala chimodzi chili chobiriwira,
ndakumbukira fani.